Ndinkati Hong Kong ndi Tokyo N'khomo ndi Khomo

Basi ya ku Leeds inanyamuka pa depoti ya ku Middlesbrough seveni koloko yeniyeni, ine ndili pampando wachitatu kumbuyo kwa dalaivala, jumbo yanga ndaikumbatira pachifuwa. Unali mwezi wa Juni, koma kunali kamphepo koti ukatulutsa dzanja m'thumba umalibweza msanga. Tikiti inandidyera mapaundi asanu ndi anayi. Kwa munthu amene mapepala ake okhalira ku Mangalande anali asanatuluke, wosaloledwa kugwira ntchito ngakhale yosesa pabwalo, imeneyo inali ndiwo ya sabata yonse, koma sindinaidandaule.

M'jumbomo munali mbereko. Chinali chitenje chofiirira, chothetheka m'mbali, chimene ndinaberekera mwana wanga Tadala ali khanda, ndipo ndinabwera nacho ku Mangalande pansi penipeni pa sutikesi. Tadalayo anali atangobereka mwana wake woyamba, wamkazi, ku Tokyo kumene mwamuna wake ankaphunzira. Masabata atatu anali atadutsa. Kukanakhala kwathu, bwenzi ndili pambali pake kuyambira m'chikuta, kumusambitsira mwana, kumuphikira phala ndi kumukalipira akamagona mosasamala. Koma ine ndikanangotuluka m'dziko muja chitseko chikanatsekeka kumbuyo kwanga, ndipo Tadala zimenezi sankazidziwa.

Zaka zinayi ndinkamuuza kuti ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo abwana ndi ouma mtima pa nkhani ya tchuthi. Linayamba ndi manyazi bodzali. Ndinaphunzitsa sitandade 5 zaka khumi ndi ziwiri ku Dedza, ndiye ndimuuze mwana wanga kuti ndimagona m'chipinda chogawana ndi mlendo, n'kumakasaina dzina ku ofesi ngati mkaidi wa pabelo? Atabereka anandifunsa kamodzi kokha kuti, "Amayi, mubwera liti?" Ndinayankha za tchuthi zomwe zija. Kuchokera tsiku limenelo mafoni ake anafupika. Zithunzi za mwana ankatumiza pa foni ya mnzanga, poti yanga inali yamabatani, koma nkhope yake iye mwini sinkaonekamo. Ndinkaona kuti mwana wanga akundichoka, ndipo ndinkaopa kwambiri.

Lamulungu la sabata imeneyo, tikutuluka m'tchalitchi, mayi wina anatchula kuti a Mbewe a ku Sheffield, amene amaphunzitsa pa yunivesite, akupita ku msonkhano ku Hong Kong. Inu mukudziwa mmene timachitira ife. Munthu akangotsokomola za ulendo, ena tayamba kale kumanga timitolo. Ndinapempha nambala yawo n'kuwaimbira masana omwewo.

"Bambo, ndamva kuti muli pa ulendo. Ine ndili ndi mwana wanga komweko, wangochira kumene. Simungandinyamulireko kakatundu?"

"Aa, mayi, palibe vuto," anatero a Mbewe. "Bweretsani Lachinayi m'mawa. Thuu koloko ndinyamuka kupita ku eyapoti ya ku Manchester."

Iwo sanafunse kuti komweko ndi kuti, inenso sindinaone chofotokoza. M'mutu mwanga Hong Kong, Tokyo ndi kwina konseko kunali ku China, matauni oyandikana ngati Limbe ndi Blantyre. Ndinkawaona a Mbewe akutuluka mu msonkhano wawo, kukwera kabasi, kukagogoda kwa Tadala, n'kunena ndi mawu awo a munthu wophunzira kuti amayi ako ntchito yawapanikiza koma sanakuiwale. Mbereko situmizidwa pa positi ngati kalata ya msonkho. Imafuna munthu woipereka ndi manja awiri, woti aone mwanayo ndi maso n'kudzakuuza mmene wamupezera.

Basi inatsika ndi msewu waukulu wolowera kumwera, pakati pa minda yobiriwira ndi nkhosa zonenepa zopanda m'busa. Pambali panga panakhala bambo wina wachingelezi, wofiira nkhope, amene anayamba kununkhiza nditangotsegula mandasi anga. Ndinamupatsa limodzi. Analitembenuzatembenuza, kuliluma, n'kunena kuti lasowa jamu m'kati. Kenaka anafunsa kumene ndikupita.

"Ku Sheffield," ndinatero m'Chingelezi changa cha kusukulu, "kukatumiza katundu ku Japan."

"Ku Middlesbrough positi ofesi inatsekedwa kodi, love?"

Kumpoto kwa Mangalande aliyense amakutchula love, ngakhale wapolisi, moti chaka choyamba ndinkayang'ana kumbuyo kuti mwina akunena wina. Ndinamuseka bamboyo mumtima. Azungu sadziwa kutumizana, ndinaganiza, n'chifukwa chake amafa okha m'nyumba.

Ku Leeds tinafika naini koloko isanakwane. Ndinathamangira kuchimbudzi n'kupeza kachitseko kachitsulo kofuna ndalama kaye, mapeni makumi atatu. Ndinaima pamenepo ndikudandaula tiyi amene ndinamwa m'mawa, koma thupi silimva za mitengo, ndinalipira. Kuchokera pa depoti ya mabasi kukafika kusiteshoni ya sitima ndi kuyenda mphindi khumi ndi zisanu kudutsa pambali pa msika. Anthu a ku Leeds amayenda ngati nyumba zawo zikupsa, aliyense kapu ya khofi m'manja. Ndinagula tikiti ya sitima yoima paliponse, ya mapaundi asanu ndi awiri, chifukwa yothamanga inali ya anthu a mataye.

Tinanyamuka hafu pasiti naini. Moyang'anana nane munakhala mayi wachikulire, wamfupi, wa maso a anthu a kum'mawa, ali ndi chikwama chamatayala chodzaza masamba. Pamwamba pake panali masamba amene ndinawazindikira msanga.

"Kwathu ku Malawi ndiwo zimenezi timazitcha tchainizi," ndinamuuza.

Anaseka mpaka kugwira pamimba. Anati iye ndi wa ku Hong Kong, ndipo ali ndi malo ogulitsira zakudya ku Barnsley kwa zaka zoposa makumi atatu. Nditamva Hong Kong ndinakhala tsonga.

"Ndiye ndinu aneba a mwana wanga! Amakhala ku Tokyo. Tandiuzeni, kuchokera kwanu kukafika kumeneko, basi imatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Basi?"

"Kaya sitima."

Mayiyo anandiyang'ana nthawi yaitali kuti aone ngati ndikuchita nthabwala. Ataona kuti ndikunenetsa, anaika manja pamaondo.

"Pakati pake pali nyanja," anatero pang'onopang'ono, ngati mmene ndinkalankhulira ndi ana ovuta kumva m'kalasi. "Amapita pa ndege. Maola anayi, nthawi zina anayi ndi theka."

"Mphindi makumi anayi?"

"Maola."

Anatulutsa foni yake, kudinadina, n'kundionetsa. Kadontho kena kanali pansi, kena pamwamba kudzanja lamanja, pakati pake madzi okhaokha, ndipo nambala inali pafupifupi makilomita zikwi zitatu. Mutu wa mphunzitsi sugona, unayamba wokha kuwerengera. Umenewo ndi mtunda wochoka ku Lilongwe kupita ku Joni n'kubwerako. Ku Joni kumene anyamata athu amagona m'basi masiku awiri, n'kufika miyendo itatupa!

"Koma si dziko limodzi?" ndinafunsa, mawu atayamba kale kuchepa.

"Ayi! Ndalama zina, boma lina, chilankhulo china. Ine ku Tokyo ndinapitako kamodzi kokha, ndipo ndinasochera. Akamalankhula sindimva ngakhale liwu limodzi."

Ndinangoti kukamwa yasa, jumbo ili pamiyendo. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti ine ndinaphunzitsapo ana za maiko, ndodo m'manja, ndikuloza pa mapu. Zoona mapu a pasukulu pathu anali atadyedwa ndi chiswe chakumanja konseko, moti dziko linkathera ku India, koma chiswe sichinandiletse kufunsa. Safunsa anadya phula, ndipo ine phula langa ndinalidyera m'sitima pakati pa Wakefield ndi Barnsley, pamaso pa mayi wogulitsa mpunga.

Potsika ku Barnsley mayi uja anandigwira paphewa n'kundisiyira kabanzi kofewa kokhala ndi nyama m'kati. Anati ndingotumiza pa positi, sabata imodzi kafika. Ndinathokoza. Zitseko zisanatsekeke ndinaganiza zotsika nanenso n'kubwerera. Ndinakhalabe chifukwa munthu wamkulu ankandidikira, komanso ndinali ndi kachiyembekezo kopusa kakuti mwina anthu ophunzira amakwera ndege ngati minibasi, maola anayi kwa iwo si kanthu.

Sheffield ndi tauni ya mapiri, nyumba zake zinasanjikizana ngati za ku Ndirande. Tinafika leveni koloko itatsala pang'ono. Kuseri kwa siteshoni ndinakwera thiramu, sitima yaing'ono yoyenda mumsewu limodzi ndi magalimoto, ndipo ndinadabwa kupezamo kondakitala weniweni, mayi wa kachikwama m'chiuno, akudula matikiti pamanja. Tsiku lina ndikanacheza naye. Ndinangomupatsa mapaundi awiri osayang'ana chenji. Thiramu inakwera chitunda pang'onopang'ono kulowera ku Gleadless kumene a Mbewe ankakhala, ine ndikuyeseza m'mutu mmene ndikayambire nkhani.

Ndinagogoda hafu pasiti leveni. Anatsegula mai Mbewe, mayi wa zaka ngati makumi anayi, wamaso akuthwa, amene ndinamva kuti ndi namwino. Pabalaza panali sutikesi yotsegula ndi malaya ositasita. A Mbewe anatuluka atavala masokosi okha kumapazi, ndipo tinalonjerana mokwanira: za ulendo, za kuzizira, za kumudzi, za amene anamwalira. Tiyi atabwera ndinatsika pampando, kugwada pang'ono, n'kupereka jumbo ija ndi manja awiri.

"Musagwade, mayi, khalani," anatero. "Adiresi muli nayo?"

Ndinawapatsa kapepala. Anawerenga, kuvula magalasi, kuwapukuta ndi malaya, n'kuwerenganso.

"Mayi, apa palembedwa Tokyo."

"Eya, bambo."

"Tokyo ya ku Japan."

"Ndamva m'sitima."

"Koma munati komweko!"

"Inunso munati bweretsani."

Mai Mbewe anaphulika kuseka, tiyi mpaka kutayikira m'sosala. Atandiyang'ana kumaso anasiya. A Mbewe, ndiwayamikire, sanandiseke. Anatsegula laputopu n'kuyamba kufufuza ngati pali njira, akung'ung'udza okha.

"Four hours kupita, pafupifupi five pobwera. Ndifika Lachisanu, ndilankhula Loweruka, Lachiwiri ndabwerera. Ngakhale ndikanathawa tsiku limodzi, mayi, pasipoti yanga ndi ya Malawi. Ku Japan popanda viza andibweza pa eyapoti pomwepo. Pepani kwambiri. Ndikanafunsa tsiku lija, koma ndinaona ngati kufunsa kumveka ngati kukana."

Sindinalire m'sitima, sindinalire mu thiramu, koma mawu akuti pepani aja anandimasula. Ndinalira pabalaza pa eni ake, mayi wamkulu ine, mamina ndi misozi. Mai Mbewe anauza amuna awo kuti akamalize kulongedza kuchipinda, ndipo atatseka chitseko anadzakhala pafupi nane.

"Amayi, chitenje chokha sichingakulizeni chonchi. Chavuta n'chiyani?"

Ndinawauza zonse, za mapepala, za ntchito yabodza, za mafoni ofupika, ngakhale zakuti ndimafuna amuna awo akandinenere bodza langalo ndi mawu aulemu. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anapumira m'mwamba.

"Ine ana anga awiri ndinaberekera konkuno, ndekhandekha," anatero. "Amayi anga anawakaniza viza katatu. Zinkandiwawa, koma ndinkadziwa kuti akuyesa, ankagona pamzere ku Lilongwe chifukwa cha ine. Nanga wanuyo akudziwa chiyani? Akudziwa kuti amayi ake ali ndi ntchito, ali ndi ndalama, koma sakubwera."

M'zaka zinayi zonse ndinali ndisanaliyang'anepo bodza langa kuchokera kumene Tadala anaima.

"Panopa kwawoko ndi cha m'ma eyiti madzulo," anapitiriza, akukokera laputopu ija pafupi. "Sanagone. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndipatseni nambala."

Ndinayesa kukana. Ndinati tsitsi langa silili bwino, ndinati mwina mwana wagona. Mai Mbewe anali atayamba kale kuimba pa foni yawo. Anadzifotokoza kwa Tadala mwachidule, n'kumuuza kuti atsegule kompyuta chifukwa amayi ake ali pano ndipo akufuna kumuona. Panadutsa mphindi zingapo, kenaka laputopu inalira, ndipo nkhope ya mwana wanga inatulukira.

Ndinali ndisanamuone zaka zinayi. Amene ndinamusiya anali mtsikana wa masaya, wokonda kuluka tsitsi sabata iliyonse. Uyu anali wowonda, maso atalowa m'kati, tsitsi lili nyankhalala, khanda lili paphewa, kumbuyo kwake kachipinda kodzaza matewera oyanika. Ndinagwira pakamwa. Koma ndinali nditaiwala chinthu chimodzi, chakuti galasi la laputopulo limaona mbali zonse ziwiri.

"Amayi?" anatero Tadala, akuyandikira. "Ndinu? Imvi zonsezi? Mwaonda chonchi bwanji? Mukudwala?"

"Sindikudwala, mwanawe."

"Ndiye akukugwiritsani ntchito yanji anthu amenewo?"

Mai Mbewe anandigunda ndi chigongono. Ndinayang'ana pansi, pa kapeti ya eni ake, n'kunena. Ndinati ntchito kulibe ndipo sikunakhaleko. Ndinati abwana okaniza tchuthi ndinawapanga ndekha. Ndinati ndikudikira yankho la boma chaka chachinayi tsopano, ndipo ndikatuluka m'dziko muno sindidzalowanso. Ndinati ndabwera ku Sheffield ndi mbereko yake kuti ndiitumize ndi munthu wopita ku Hong Kong, poganiza kuti ndi pafupi.

Ndinayesa kompyuta yazima, koma nditadzutsa mutu anali pompo, akundiyang'ana.

"Zaka zinayi," anatero. "Amayi, zaka zinayi? Ine ndinagona m'chipatala masiku asanu, anamwino akulankhula zosamveka, ndikuuza mtima wanga kuti amayi anga asankha kusambitsa azungu okalamba kusiya mdzukulu wawo. Ndinakudani, mukudziwa? Ndinakudani zenizeni."

"Ndinachita manyazi."

"Manyazi ndi ine? Ine amene munkandituma kukapempha mchere kwa aneba?"

Khanda lija linayamba kulira, kulira kwa mwana wotopa, ndipo Tadala anayamba kuligwedeza mwamphamvu, nayenso misozi ikutsika. Anati limalira choncho madzulo alionse mpaka bambo ake abwere kuchokera kusukulu, manja ake afika potupa, sangathe ngakhale kudziphikira.

"Bwanji osamubereka?" ndinafunsa.

"Ndimaopa. Khosi lake ndi lofewa. Palibe anandionetsapo."

Apo uphunzitsi unandibwerera. Ndinaimirira, kupukuta nkhope, n'kumuuza kuti atenge nsalu ina iliyonse yaikulu. Anabwera ndi shiti ya pabedi. Ine ndinatulutsa mbereko m'jumbo, mai Mbewe anandipatsa pilo wa pampando, ndipo ndinawerama pakati pa balaza lawo.

"Werama kwambiri, msana ukhale ngati tebulo. Muike pang'onopang'ono, dzanja limodzi lisachoke pa iye. Nsalu ikwere mpaka m'makutu, igwire mutu. Manga pamwamba kaye. Osati choncho, iwe, ukufuna apumire kuti? Masula pang'ono."

Kawiri konse analephera, ine mtima uli m'mwamba, manja anga akufuna kulowa m'galasimo. Kachitatu anamanga bwino n'kuweramuka mwamantha. Ndinamuuza kuti ayende uku ndi uku akugwedeza chiuno. Tinayenda tonse awiri, iye ndi mwana ku Tokyo, ine ndi pilo ku Sheffield, mpaka kulira kuja kunasanduka kudandaula, kenaka kunatha. A Mbewe anali ataima pakhomo la chipinda, jekete pamkono, akuyang'ana wotchi.

Tadala anatembenuka cham'mbali kuti ndione kamutu kali gone pamsana pake. Ndinadikira kuti anene kuti wandikhululukira. Sananene.

"Mawa ndimusambitsa nthawi ngati yomwe ino," anatero. "Amaterera, ndimaopa kumugwetsa. Mukabwereke foni ya mnzanu ija."

A Mbewe ananyamuka thuu koloko monga ananenera, opanda katundu wanga. Mbereko inatsala ndi akazi awo, amene anati akaitumiza okha pa positi m'mawa mwake ndipo sakufuna kumva za mwambo. Pobwerera ndinakwera basi ya folo koloko yopita ku Middlesbrough mosasintha, ndipo nditakhala pansi ndinawerengera kuti m'mawa uja ndinayenda maola anayi ndi theka kuchokera pa depoti kukafika pakhomo la a Mbewe, nthawi yomweyo imene ndege imatenga kuchokera ku Hong Kong kukafika ku Tokyo. Ndinaseka ndekha mpaka mayi wa pampando wina anandicheukira.

Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti ife timaopa kufunsa ndiponso timaopa kunena, ndipo zonse ziwiri timazitcha ulemu. Mkwiyo wa Tadala unatenga miyezi kuti uphwe, koma tsiku lililonse masana foni ya mnzanga inkalira, ndipo sindinaphonyepo ngakhale limodzi. Mapepala anga anachedwabe. Mdzukulu wangayo ndinadzamugwira ndi manja ali ndi zaka zinayi, akuthamanga yekha, ndipo nditawerama kuti ndimubereke anandiuza kuti iye si khanda.